Za patch yanga ya qcow2 ija: yadutsa pa ulendo wachitatu

Masabata awiri apitawo ndinafunsa kuti bwanji patch yanga (zosintha pa khodi zotumizidwa kuti ziunikidwe) ya qcow2, mtundu wa fayilo ya disiki mu QEMU, pulogalamu yoyendetsa makompyuta oyerekezera, inabwezedwa pomwe khodi yake inkagwira ntchito bwinobwino. Yankho ndalipeza, ndipo wolakwa ndinali ine ndemwe.

Mu commit imodzi (mtolo wa zosintha wosungidwa mu git, pulogalamu yosunga mbiri ya khodi) ndinaunjikamo zinthu zitatu: kukonza cholakwika cha refcount, kusintha mayina a ma variable, ndi kuwongola mipata m'mizere yosakhudzana n'komwe ndi nkhaniyo. Wowunika anati mzere weniweni wokonza vuto sukuoneka pakati pa zonsezo. Sananame. Refcount ndi imene imauza qcow2 kuti cluster (kagawo ka disiki) ikugwiritsidwa ntchito kangati. Ikangotsika molakwika kufika pa 0, cluster yomwe muli deta ya munthu imaoneka ngati yopanda mwini, n'kulembedwapo zina. Pamalo otere palibe amene angavomere mongoyang'ana pamwamba.

Ndiye commit ija ndinaigawa patatu ndi git rebase -i (lamulo lokonzeranso ma commit), iliyonse yoti izikompaila payokha, kuti git bisect, yofufuzira commit yomwe inabweretsa vuto, isadzapunthwe mtsogolo. Nayo checkpatch.pl, pulogalamu yoyang'ana kalembedwe ka khodi, inandigwira ndi ma tab awiri, poti QEMU imafuna mipata 4. Manyazi ake! Ndinawonjezeranso mayeso mu qemu-iotests (gulu la mayeso a disiki a QEMU) omwe amalephera kukonzako kukachotsedwa.

Chomwe sindinkachidziwa n'chakuti zimene wasintha pa v2 ndi v3 (kutumiza kwachiwiri ndi kwachitatu) umazilemba pansi pa mzere wa timizere titatu (---) mu imelo ya patch, kuti zisalowe mu mbiri ya git. Reviewed-by, mzere wosonyeza kuti wowunika wavomereza, ndinaisiya pa patch yomwe sindinaikhudzenso, koma pa ya refcount ndinaichotsa chifukwa khodi inasintha.

Patch ya mipata ija ndangoitaya, sinkathandiza aliyense.