Jakisoni wa dzanzi ndi mankhwala a BP a mayi anga, ndithandizeni nzeru

Abale anga a kuno ku Johannesburg, makamaka inu anamwino ndi ogwira ntchito mogulitsira mankhwala, ndabwera ndi funso.

Mayi anga anabwera kuchokera ku Dedza mwezi watha, tikukhala nawo ku Rosettenville. Dzino lawavuta, usiku sagona, nsima akutafunira mbali imodzi. Lachisanu tikupita kukachotsa. Nkhawa yanga ndi yoti amamwa propranolol wa BP tsiku lililonse, komanso amitriptyline usiku chifukwa cha miyendo yomwe imawotcha.

Chaka chatha kumudzi atawabaya jakisoni wa dzanzi m'nkhama, mtima unagunda ngati ng'oma, thukuta lili kamukamu, mutu ukuwawa. Palibe anawafunsa za mankhwala awo, ndipo iwonso, mukuwadziwa makolo athu, sananene kanthu.

Ndamva kuti lidocaine, jakisoni wa dzanzi wa madokotala a mano, nthawi zambiri amakhala wosakaniza ndi adrenaline, kuti dzanzi likhalitse komanso magazi asatuluke kwambiri. Akuti adrenaline akakumana ndi propranolol, BP imatha kukwera mtima n'kumagunda pang'onopang'ono, ndiponso propranolol amachititsa kuti chiwindi chichedwe kuchotsa lidocaine m'thupi. Amitriptyline nayenso amawonjezera mphamvu ya adrenaline.

Ndiye kodi ndingapemphe bwanji jakisoni wopanda adrenaline, monga mepivacaine, dokotala osaona ngati ndikumuphunzitsa ntchito? Mankhwala sitiwasiyitsa patokha, zimenezo ndikudziwa. Mapaketi onse ndaika kale m'jumbo pamodzi ndi buku lawo lachipatala lakumudzi lija, ngakhale zolembamo sizikuwerengeka bwino. Kodi kuno amalilandira?