Methylphenidate sakugwira kwa wodwala wamkulu: ndisinthe kapena ndidikire?

Kiliniko ofesa: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndili ndi bambo wa zaka 34 amene tinamupeza ndi ADHD (vuto lolephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi ndi kukhazikika), zizindikiro zinayamba asanakwane zaka 12. Akumwa mankhwala a methylphenidate a 10 mg m'mawa ndi masana, lero ndi milungu iwiri, koma akuti palibe chasintha. Akazi awo akufunsa ngati kuyeza magazi kapena EEG (kuyeza mphamvu za magetsi za mu ubongo) kungatiuziretu mankhwala amene angawayanje.

Dokotala wa matenda a maganizo: Achimwene, kuyeza kodalirika koteroko kulibe. Ofufuza ayesa EEG, zithunzi za ubongo ngakhale majini, koma palibe chimene chafika poti n'kusankhira munthu mankhwala. Ngakhale sikelo simatiuza mlingo: chimunthu cha makilo 100 chimatha kukhazikika ndi mlingo wochepa, wochepa thupi n'kufuna wambiri. Timadziwa poyesa basi. Musanawayambitse munadzazitsa ASRS, fomu ija ya mafunso 18 oyezera zizindikiro za ADHD?

Kiliniko ofesa: Ayi adokotala, tinangocheza pakamwa.

Wa ku famase: Ine funso langa ndi lina. Akuti sakusintha, akuwaona nthawi yanji? Ngati ndi mapiritsi wamba aja, osati otulutsa mphamvu pang'onopang'ono, amatha m'thupi pakadutsa maola 3 kapena 4. Akamwa achiwiri 12 koloko, pofika kunyumba madzulo mphamvu yatha kalekale. Mayiwo akuona munthu wopanda mankhwala. Funsani za kuntchito: kodi lipoti akumalimaliza? Pamsonkhano akumamva mpaka kumapeto, kapena akungogwiragwira foni?

Namwino: Muwafunsenso za tulo ndi khofi. Munthu wogona maola anayi, piritsi silingamuchitire zozizwitsa. BP, kugunda kwa mtima ndi sikelo muzilemba ulendo uliwonse, poti mankhwalawa amadula chilakolako cha chakudya.

Dokotala wa matenda a maganizo: Ndi zomwezo asisi. Komanso 20 mg pa tsiku ndi poyambira chabe. Malangizo a 2018 a NICE, bungwe la zaumoyo la ku UK, amati muyese milungu 6 pa mlingo wokwanira musanasinthire ku lisdexamfetamine (wa gulu la amphetamine), ndipo atomoxetine amabwera onse awiri akakanika. Wokanidwa ndi methylphenidate nthawi zambiri amayanjana ndi gulu la amphetamine, ndiye musafulumire kunena kuti zalephereka. Chimene ndingaope n'chimodzi: musanakweze mlingo, onetsetsani kuti sanadwalepo mania (matenda a maganizo ochititsa munthu kusangalala ndi kuchangamuka mopitirira muyeso) ndipo sakumwa mowa mopitirira.

Kiliniko ofesa: Zikomo nonse. Ndawaimbira, akuti kuntchito m'mawa zikuyendako, chisokonezo chimayamba cha m'ma 4 koloko. Abwera Lachinayi, tidzadzaza ASRS, ndidzayeza BP, kenako tidzakambirana zowasinthira ku mapiritsi okhalitsa m'thupi.