Firiji yanga yasiya kuziziritsa: ndikonzetse kapena ndigule yatsopano?

Mayi wa ana atatu: Abale, ndithandizeni nzeru. Firiji yathu tinaigula mu 1996 kwa munthu amene anali ataigwiritsa kale ntchito. Sabata yathayi yasiya kuziziritsa, koma ikulirabe usana ndi usiku. Wokonza akuti gasi watha ndipo kompuresa (injini yopopa gasiyo) yatopa, ndipo ndalama imene watchula ikuposa theka la mtengo wa yatsopano. Mtima ukukana kuitaya, zaka zonsezi sinandivutitsepo.

Mmisiri: Mayi, musanatulutse ndalama, yang'anani kapepala kamene kamamatidwa kumbuyo kapena mkati, kamalemba mtundu wa gasi. Ngati ndi R12, ameneyo anasiya kupangidwa potsatira pangano la ku Montreal la 1987, chifukwa amawononga mpweya wa ozoni. Kuti aikemo gasi wina wa R134a m'malo mwake ayenera kusinthanso mafuta a mu kompuresa ndi fyuluta. Chinanso, gasi wa firiji satha ngati palafini wa m'nyali, amangozungulira m'mapaipi. Akatha ndiye kuti penapake pabooka. Akangothiramo wina osatseka bowolo, simuchedwa kubwereranso.

Agogo aamuna: Ine ndikuti konzetsani, mwanangu. Yanga itasiya anandiuza kuti yafa, chonsecho vuto linali relay, kachipangizo kakang'ono kodzutsa kompuresa. Zamasiku anozi zambiri zili ndi timabolodi tosachedwa kupsa magetsi akamaphethira.

Mmisiri: Pa relay mwanena zoona agogo, anthu ambiri ataya mafiriji abwinobwino chifukwa cha iyo. Koma relay ikafa, kompuresa sidzuka, imangoti "tiki" kenako zii. Ya mayiwa ikulira osapuma. Matenda ake ndi ena.

Achemwali: Magetsi nawonso muwaganizire. Ine nditagula yatsopano ya gasi wa R600a ndinaona kusintha pa mayunitsi mwezi woyamba womwewo. Yakale ija, rabala ya pachitseko inali itauma, ndiye inkangolira osaleka.

Mayi wa ana atatu: Ndasuntha firiji ndaona, palembedwadi R12. Ndamuimbira wokonza uja kumufunsa kuti bowo lili pati, akuti mwina m'mapaipi a mkati mwa khoma la firijiyo.

Mmisiri: Mawu akuti "mwina" asakudyereni ndalama. Mupeze wina aipope ndi nayitrojeni kuti aone pamene ikutulukira. Bowo likakhala panja, pa mfundo zowotcherera, limatsekeka. Likakhala mkati mwa khoma, mayi, gulani ina.

Agogo aamuna: Ayi ndamva. Koma aiyese kaye ndithu asanaiweruze.