Kodi maloboti ooneka ngati anthuwa akudziyendetsa okha, kapena pali munthu kuseri?

Mphunzitsi wa ku Namwera analemba:

Ndine mphunzitsi wa sayansi pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Namwera, ndipo ndabwera ndi funso limene ana a Fomu 3 anandisiya nalo kukamwa yasa sabata yatha. Mnyamata wina anabweretsa kanema pa foni ya mchimwene wake, woonetsa loboti yooneka ngati munthu ikuthira zakumwa m'matambula, ikupatsira alendo, kwinaku ikuyankha mafunso awo ndiponso kuwaseketsa. Kalasi inagawanika pawiri. Ena ananena kuti ntchito za anthu zatha basi, choncho palibenso chifukwa chogonera mochedwa pokonzekera mayeso a MSCE, pamene ena anaumirira kuti ameneyo ndi munthu wovala chigoba cha pulasitiki.

Ine chimene chinandikayikitsa ndi liwiro la kuyankha kwake. Pamalopo panali phokoso la nyimbo ndi anthu ambirimbiri olankhula nthawi imodzi, koma lobotiyo inkamva funso lililonse, n'kuyankha nthawi yomweyo, manja akuyenderana ndi mawu monga amachitira munthu amene wazolowera kucheza pa bawo. Ndikupempha amene akuzitsata bwino nkhanizi kuti andithandize. Kodi n'zoona kuti pa zionetsero zoterezi pamakhala anthu obisika amene amayendetsa malobotiwo ali patali? Ngati zili choncho, munthu woonera pa foni angazindikire bwanji? Sindikufuna kuwaphunzitsa anawo kukana chilichonse chatsopano, komanso sindikufuna kuti azingomeza chilichonse chimene chabwera pa WhatsApp.

Wokonza mafoni, Mangochi Boma, anayankha:

Aphunzitsi, malinga ndi mmene mwafotokozera, kanema ameneyo ayenera kuti ndi wa mwambo umene kampani ya Tesla inachititsa pa 10 October 2024 ku malo ojambulira mafilimu a Warner Bros. ku Burbank, pafupi ndi Los Angeles. Maloboti amenewo dzina lawo ndi Optimus. Elon Musk, mkulu wa kampaniyo, anauza anthu usiku umenewo kuti m'tsogolo loboti imodzi idzagulidwa pa mtengo wa pakati pa madola 20,000 ndi 30,000, koma sananene ali pa nsanja kuti kucheza ndi kuperekera zakumwa kumene alendo ankaona kunali ndi dzanja la munthu. Patangopita masiku ochepa, atolankhani a Bloomberg ndi ena analemba kuti antchito a kampaniyo ndi amene ankayendetsa zambiri za zimenezo ali pena pake, ngakhale kuti kuyenda kwa miyendo malobotiwo ankachita okha. Palinso kanema wa mlendo wina amene anaifunsa loboti mosapita m'mbali, ndipo inavomera kuti tsiku limenelo inkathandizidwa ndi munthu. Kukayika kwanu kunali ndi maziko.

Sikunali koyamba. Mu January 2024, a Musk anaika pa intaneti kanema wa Optimus ikupinda malaya pa tebulo. Ine kanema ameneyo ndinamulumikiza ku TV yaikulu imene ndinali nditangomaliza kukonza m'shopu mwanga, ndipo tinamuimitsa kangapo pamodzi ndi anyamata a kabaza amene amadikira makasitomala pakhonde panga. Pakona ya m'munsi, cha kumanja, pamatulukira kanthu kooneka ngati dzanja lovala golovesi, kakuyenda chimodzimodzi ndi dzanja la loboti, kenako n'kubwerera. Anthu atayamba kuloza zimenezi, a Musk analembanso kuti lobotiyo sinafike poti n'kuchita ntchito imeneyo payokha.

Pa funso lanu lachiwiri, ine ndimayang'ana zinthu zingapo. Ndimaona ngati kanemayo akudukaduka, chifukwa pamene adula m'pamene kawirikawiri loboti inalephera kapena munthu analowererapo. Ndimaonanso ngati afulumizitsa zithunzi, ndipo zimenezi zimadziwika poyang'ana mmene anthu kapena makatani akumbuyo akugwedezekera. Koposa zonse ndimawerenga mawu amene kampani yalemba pa kanemayo. Ngati loboti ikudziyendetsadi, eni ake sachita manyazi kulemba mawu achingerezi akuti autonomous, kutanthauza kudziyendetsa yokha, chifukwa ndi chinthu chonyaditsa chimene aliyense akufuna kuti chidziwike. Akakhala chete pa mfundo imeneyi, ine ndimangotenga kuti munthu alipo.

Wopuma ntchito wa ku Monkey Bay anayankha:

Ndikuthokoza achimwene a mafoni chifukwa cha kufotokoza kwawo komveka. Ine ndingowonjezera kuti machenjerero amenewa ndi akale kuposa magetsi. M'chaka cha 1770, munthu wina dzina lake Wolfgang von Kempelen anaonetsa kwa mfumukazi Maria Theresa ku Vienna chidole chachikulu chovala ngati munthu wa ku Turkey, chokhala kuseri kwa kabati, chimene chinkasewera tchesi n'kumagonjetsa anthu. Asanayambe masewero ankatsegula zitseko za kabatiyo chimodzichimodzi kuti anthu aone mawilo ndi zitsulo za mkati, koma katswiri wa tchesi ankakhala atadzipinda m'katimo, akusuntha malo pamene zitseko zikutsegulidwa. Chidolecho chinasewera ndi Napoleon, mfumu ya ku France, mu 1809, chinayenda m'mayiko ambiri, ndipo chinapsa pa moto ku Philadelphia mu 1854. Tangoganizani, zaka zoposa 80 anthu ophunzira akulipira ndalama kuti akaone munthu wobisala m'bokosi.

Za posachedwapa, mu December 2018, wailesi ya kanema ya boma ku Russia inayamikira loboti yotchedwa Boris imene inavina ndi kulankhula pa msonkhano wa achinyamata ku Yaroslavl. Zithunzi zina zitatuluka, khosi la munthu linkaonekera pakati pa mutu ndi thupi la lobotiyo. Choncho ana anu amene ananena za munthu wovala chigoba asanyozedwe, Aphunzitsi, chifukwa zimenezo zinachitikapo, ngakhale kuti pa kanema amene iwo anaona yankho lake ndi lina. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo ine zionetsero za makampani amene akufuna kugulitsa masheya ndimazitenga ngati nkhuyu zoterozo, zofunika kuzing'amba kaye usanaziike m'kamwa.

Wophunzira za uinjiniya wochokera ku Makawa anayankha:

Bambo a ku Monkey Bay, ndi ulemu wonse, ndikuona kuti tikusakaniza zinthu ziwiri zosiyana. Munthu wovala chigoba ndi sewero chabe, mulibe luso lililonse la makina. Koma loboti imene ikuyendetsedwa ndi munthu ali patali ndi makina enieni, okhala ndi mamota, makamera ndi zala zimene zikugwiradi tambula popanda kuiphwanya kapena kuigwetsa. Kupanga dzanja loterolo ndi ntchito yovuta kwambiri, ndipo tikangoti zonse ndi bodza tiwalakwira mainjiniya amene anaipanga.

Ndifotokoze chifukwa chake munthuyo amakhalapo. Woyendetsayo amavala magalasi a VR amene amamuonetsa zimene makamera a loboti akuona, ndipo m'manja amagwira zipangizo kapena kuvala magolovesi amene amatumiza kusuntha kwake kulikonse ku lobotiyo. Akatambasula mkono, nayonso imatambasula. Kompyuta imasunga zonsezi, ndiye kuti chithunzi chimene kamera inaona pamodzi ndi mmene dzanja linayendera, ndipo akabwereza ntchito imodzimodziyo kambirimbiri, zimene zasungidwazo amaphunzitsira nzeru za kompyuta zimene akuzitcha AI kuti tsiku lina izidzachita yokha. Mapulogalamu olemba nkhani anaphunzira kuchokera ku mawu ochuluka amene anthu analemba kale pa intaneti, koma palibe malo amene anthu anasungako zochuluka chotero za mmene zala zimagwirira zinthu. Zimenezo ayenera kuzisonkhanitsa okha, ndipo njira imodzi yaikulu ndi yomweyi.

Chimene anthu ambiri sachiyembekezera n'chakuti ntchito zimene ife timaziona ngati zachibwana ndi zimene zimavuta makina. Pitani ku doko m'mawa mukaone mayi akuyanika usipa pa thandala. Amatapa ndi manja awiri, amamwaza mofanana, amatembenuza osaunyenya, amachotsa kansomba kena kamene kalowerera, ndipo akuchita zonsezi akukambirana mtengo ndi wogula. Usipa uliwonse ndi woterera, wofewa, ndipo wagona mosiyana ndi unzake. Kompyuta inagonjetsa katswiri wa dziko lonse wa tchesi, Garry Kasparov, mu 1997, koma kufikira lero kupinda malaya amene angoponyedwa mu dengu ndi nkhani yovuta kwa loboti, chifukwa nsalu ilibe maonekedwe amodzi okhazikika. Kuyenda ndi kuthamanga kwapita patsogolo ndithu. Mu April 2025 ku Beijing maloboti 21 anathamanga nawo mpikisano wa makilomita 21, ndipo imene inatsogola, Tiangong Ultra, inatenga maola awiri ndi mphindi 40, atayisinthira batire katatu panjira. Komabe pambali pa malobotiwo pankathamanga anthu owathandiza, ena atagwira malimoti, ndipo ambiri mwa malobotiwo sanafike kumapeto. Kumeneko palibe amene anabisa, aliyense ankaona.

Ine ndikuona kuti mlandu uli pa kubisa. Kampani ya 1X itayamba kulandira maoda a loboti yake ya m'nyumba yotchedwa NEO mu October 2025, pa mtengo wa madola 20,000 kapena madola 499 pamwezi, inanena poyera kuti ntchito zimene lobotiyo sinaphunzire azidzaigwirira ndi wantchito wa kampaniyo ali patali. Mtolankhani wa nyuzipepala ya Wall Street Journal amene anakaiyesa anaonetsa munthu wovala magalasiyo, ndipo anaonetsanso lobotiyo ikutenga mphindi zingapo kuti ingoika ziwiya zochepa m'makina otsukira. Munthu akhoza kuseka kuchedwako, koma sanganene kuti ananamizidwa.

Mayi wa bizinesi ya nsomba ku Mpondasi anayankha:

Mwana wanga wa ku Makawa walankhula zanzeru, ndipo ndasangalala kuti watchula thandala, chifukwa ine ndi ntchito yanga imeneyo. Koma pali mbali imene abambo nonse mwaidumpha. Ngati loboti ya m'nyumba ikuyendetsedwa ndi munthu ali kutali, ndiye kuti maso a mlendo alowa m'nyumba mwanga, akuona pamene ndimaika ndalama za malonda, mmene ana anga avalira, ndi zimene zili kuchipinda. Ndamva kuti kampani ya 1X ija imati mwini nyumba ndi amene amavomereza nthawi, ndipo akhoza kuletsa zipinda zina kapena kuchititsa kuti nkhope za anthu zisaoneke bwino. Zili bwino, koma wantchito wa pakhomo ndimamudziwa dzina, kwawo ndi amfumu ake, ndipo chikasowa chinthu ndimadziwa koyambira. Uyu wa magalasiyu ndikamudandaulira kwa yani?

Chinanso ndi cha anthu obisikawo. Mu 2024 kunamveka kuti masitolo a kampani ya Amazon amene munthu ankangotenga katundu n'kutuluka osadutsa pa kauntala ankadalira anthu pafupifupi 1,000 ku India oonera makanema a ogula. Amazon inatsutsa mmene nkhaniyo inalembedwera, ponena kuti anthuwo ankathandiza kuphunzitsa makina ndi kutsimikizira zina zochepa, koma sinakane kuti analipo. Chimene chimandiwawa ine n'chakuti makina amalandira ulemu, mwini kampani amalandira ndalama, pamene wogwira ntchitoyo sayenera ngakhale kutchulidwa, chifukwa kumutchula kumaononga malonda. Ku Tokyo kuli malo odyera kumene maloboti otchedwa OriHime amayendetsedwa ndi anthu olumala kapena odwala amene sangathe kutuluka m'nyumba zawo, ndipo kumeneko woyendetsayo amadziwika, amacheza ndi makasitomala monga iye mwini. Luso lake ndi lofanana, koma kumeneko munthu sanamukwirire.

Wokonza mafoni, Mangochi Boma, anayankhanso:

Mayi, mfundo yanu ya antchito yandikumbutsa zimene mnyamata wina wa kabaza anafunsa tsiku lija m'shopu mwanga. Iye anati ngati ntchito yake ndi kuvala magalasi n'kumapinda malaya a azungu uli kwanu, bwanji osatipatsa ife? Tinaseka, koma yankho lake lili pa netiweki ndi magetsi. Woyendetsa loboti amafunika kuona zimene zikuchitika nthawi yomweyo, ndipo chithunzi chikachedwa ngakhale ndi theka la sekondi, tambula imakhala itagwa kale iye asanadziwe kuti yaterereka. Ndi netiweki imene imatha mukangodutsa phiri popita ku Namwera, ndikuganiza kuti tingaphwanye mbale zambiri.

Mphunzitsi wa ku Namwera analembanso:

Zikomo kwambiri nonse, mwandipatsa zambiri kuposa zimene ndinapempha. Lachinayi ndili ndi mapiriyodi awiri otsatizana ndi kalasi lomwelo. Ndabwereka laputopu ya aphunzitsi anzanga, ndipo ndikawaonetsa kanema wa malaya uja popanda kuwauza chilichonse, kuti ndione amene ayambe kuliona dzanjalo pakona. Kenako mmodzi ndikammanga nsalu kumaso, n'kumupatsa malaya kuti apinde potsatira mawu a mnzake yekha amene waima kumbuyo kwa kalasi, kuti amve okha kuvuta kwa kuyendetsa manja a wina uli patali. Achimwene a mafoni, ndikupempha kuti mundiuze sekondi imene dzanjalo limaonekera bwino, chifukwa bandulo yanga yatsala pang'ono ndipo sindingathe kubwereza kanemayo kambiri.