Ndithandizeni: kodi filimu ya Nosferatu ya 1922 ndingaionetse popanda chilolezo?

Abale ndi alongo odziwa za malamulo, ndithandizeni. Ndimaphunzitsa achinyamata zisudzo, ndipo ndikufuna kuwaonetsa Nosferatu, filimu yopanda mawu ya ku Germany imene F. W. Murnau anajambula, n'kutuluka mu 1922. Koma mbiri yake ikundisowetsa mtendere. Kampani ya Prana Film inatenga nkhani ya m'buku la Dracula, la Bram Stoker, osapempha, n'kungosintha mayina, Dracula n'kukhala Orlok. Mkazi wamasiye wa wolembayo, Florence, anakasuma, ndipo mu 1925 khoti linalamula kuti makope onse awonongedwe. Ena anapulumuka, n'chifukwa chake filimuyi ilipo mpaka lero. Ineyo ndimaona kuti mayiyo sanalakwe, thukuta la mwamuna wake silikanadyedwa ulere.

Stoker anamwalira mu 1912, Murnau mu 1931, ndiye ndikuganiza kuti umwini wawo unatha kale. Vuto n'lakuti kope limene ndili nalo analikonzanso posachedwapa n'kuikamo nyimbo zatsopano. Kodi nyimbozo ndi ntchito yokonzayo zili ndi eni ake? Nanga ndikatseka nyimbozo n'kuonetsa zithunzi zokha, ndalakwira lamulo? Pakhomo sindilipiritsa. Amene munakumanapo ndi zoterezi, ndiuzeni poyambira.