Ndinathyoka kafupa kakumapeto kwa msana, masewera ndiyambirenso liti?

NaBanda: Abale, ndinaterereka pa masitepe onyowa n'kugwa chokhala. Adokotala akuti kafupa kakumapeto kwa msana kanathyoka. Kuyenda ndikuyenda ndithu, koma kukhala mu minibasi ndi chilango, makamaka podzuka pampando. Netibolo ndaisowa zedi. Ndiyambirenso liti?

Achimwene_Joe: Pepani mayi. Kafupa kameneka saikapo pulasitala, kamapola kokha, nthawi zambiri pakati pa masabata 8 ndi 12. Yambani ndi kuyenda, kenako kusambira ngati dziwe lili pafupi. Njinga, kabaza ndi ma sit-up (aja ogona chagada n'kumadzuka kukhala tsonga) muiwale kaye, zonsezo zimatsamira pomwepo. Netibolo ibwere pomaliza, kulumpha kuja kumagwedeza chiuno chonse.

Anambewe: Pezani khushoni yoboola pakati kapena yodula kumbuyo, ndipo pokhala muziweramira kutsogolo pang'ono. China chimene anthu amachita nacho manyazi: musalole kudzimbidwa. Masamba, mapapaya, madzi ambiri. Kuchimbudzi ine ndinkalira ngati mwana.

Achimwene_Joe: Ndiwonjezere. Mukamva dzanzi pakati pa miyendo kapena mkodzo ukayamba kutuluka wokha, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.

NaBanda: Zikomo nonse. Koma za kabaza zandivuta, ndi amene amandifikitsa kuntchito.