Ndinapitadi ku Shani Shingnapur, zikomo nonse

Zikomo abale amene munandiyankha nditafunsa ngati Mkhristu ngati ine, wophunzira kuno ku Pune m'dziko la India, angaloledwe kukaona kachisi wa mudzi uja wa nyumba zopanda zitseko ku Maharashtra. Ndinamvera amene munati ndisapite Loweruka, tsiku la Shani, mulungu wa Ahindu amene amapembedzedwa kumeneko, chifukwa anthu amachuluka. Ndinapita Lachiwiri m'mamawa, palibe anandifunsa za chipembedzo. Nsapato zokha ndi zomwe ndinavula.

Chomwe chinandidabwitsa n'chakuti palibe fano losemedwa ayi. Ndi mwala wakuda woima pabwalo, wopanda denga, ndipo anthu amabweretsa mafuta oti authire. Bambo wina wachikulire anandifotokozera nthano yake: abusa ataubaya mwalawo ndi ndodo unatuluka magazi, usiku Shani n'kubwera m'maloto kudzanena kuti asamumangire denga, mudziwo aziulondera yekha. N'chifukwa chake zitseko amaziona ngati zosafunika, ati wakuba amalangidwa ndi Shani.

Achemwali amene munafunsa ngati amayi amaloledwa, kuyambira 2016 amaloledwa kufika pamwalapo.

Oyenera kuchenjera nawo ndi ogulitsa mafuta ndi maluwa m'mbali mwa msewu. Amakakamiza ngati n'lamulo, koma ine ndinalowa chimanjamanja.